Chingwe cha Thebulo la a Mbewe

Amuna anga, a Frazer Mbewe, ndi munthu woti mukawauza kuti moto umaotcha, amayamba aikapo kaye chala. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi kuno kwathu kuseri kwa Nsaru, ndiye musandiuze za iwo. Ndi mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo ku CCAP kwathuku, chimunthu chachikulu thupi, chosalankhulalankhula. Samwa, sasuta ngakhale fodya amene amalimayo. Vuto lawo ndi limodzi lokha: kupempha thandizo amakuona ngati kuvula pagulu. Ngolo ikatitimira m'matope, amalolera kumasula ng'ombe n'kumakankha okha mpaka madzulo, anthu ali pomwepo.

Msana anaupha ndi fodya yemweyo. Amene sanadindepo fodya sangamvetse. Umalonga fodya m'bokosi, n'kumazungulitsa jeke utawerama mpaka fodyayo atapanikizika, kenako belo lolemera kuposa munthu ulikweze pangolo. A Mbewe achita zimenezi kuyambira ali mnyamata. Tinali ndi tenanti wathu, Nowa, wochokera ku Mulanje, amene anakhala nafe zaka khumi ndi zinayi ndi mkazi wake Rozaria. Nowa ankawauza kuti, “Abwana, siyani ndinyamule ndi anzanga.” Iwo ayi, mpaka agwire nawo mbali yolemerayo.

Pofika 2021 zinafika poipa. Kudzuka pabedi ankachita kugubuduka kaye, n'kukwawa mpaka pakhoma. Ululu unkatsika kuchokera m'chiuno mpaka kuchala chachikulu cha mwendo wamanzere. Kuchipatala ku Namitete anawajambula, n'kuwauza kuti timafupa ta msana tapanikizana, asiye kunyamula zolemera. Anawapezanso ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Mapiritsiwo ankamwa akakumbukira. Zosiya kunyamulazo anazisiya pageti pa chipatala pomwepo.

Zonsezi anayambitsa ndi mwana wathu Cynthia, amene amagwira ntchito mutauni ku Lilongwe, ngakhale sindimuimba mlandu. Atabwera pa Khirisimasi anawaonetsa bambo ake kakanema pafoni. Mzungu wina anagona pathebulo lachitsulo, mapazi atapanidwa, kenako thebulolo linapendekeka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Akuti thupi likalendewera choncho, timafupa tija timatakasuka, ululu n'kuchepa. Cynthia anawerenganso mawu amene anali m'munsi mwake, ine ndikumva ndi makutu angawa: kuti ndi mphindi ziwiri kapena zitatu basi, kuti pazikhala munthu pafupi, ndiponso kuti wa vuto la magazi kapena la maso asayerekeze asanafunse adokotala. A Mbewe anangoti, “Tabwezanso ndione pamene pali chitsulo chozungulirapo.” Ndinadziwa kuti zatha.

Januwale yense anali mushedi yathu yosankhiramo fodya, kanyumba ka njerwa ka simenti pansi, momwe mumakhalanso jeke. Anatenga chitseko chakale cha mlombwa ndi chitsulo cha mateyala a ngolo yakutha. Wowotcherera wa pa Nsaru anamunamiza kuti akukonza jeke yatsopano. Kumapazi anaika matabwa awiri okutidwa ndi mphira, omangidwa ndi bawuti. Poyesa kuti thebulolo lizibwerera lokha, anaitana Nowa, n'kumangirirapo belo la fodya lolingana ndi kulemera kwawo. Linkapendekeka bwinobwino, ukalikankha ndi chala n'kubwerera. Anasangalala ngati mwana. Chimene alimi awiriwo sanaganize n'chakuti belo limalemera chimodzimodzi kumutu ndi kumiyendo, pamene a Mbewe kulemera kwawo konse kuli pamimba ndi m'mapewa.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Inenso sindikanayerekeza. Kuno kwathu munthu wopezeka ali chadodolido m'nyumba yotseka ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo dzinalo si la mkulu wa mpingo. Tinamvapo za nkhalamba zimene zinagendedwa m'midzi ya kuno chifukwa cha zinthu zochepa kuposa pamenepo. Choncho m'mawa uliwonse ankalowa mushedi, n'kukhoma chitseko m'kati ndi msomali wopinda, ine n'kumazungulira panja mtima uli m'mwamba mpaka atatuluka. Kamodzi kokha ndinasuzumira pang'ankha ya chitseko. Ndinaona atapendekeka pang'ono, maso atatseka, ndipo ndinathawa, chifukwa sindinafune kuona amuna anga ali choncho.

Ndinene zoona, chinkawathandiza. Akatulukamo ankayenda mowongoka mpaka masana. Tsiku lina anandilandira ndowa ya madzi pamutu, akumwetulira. Ndinati mwina mantha angawa ndi umbuli chabe.

Mu Meyi munagwa maliro. Bright, mwana wa a Chikoti oyandikana nafe, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, anagwa pamsewu wa ku Msundwe n'kufera pomwepo. Malo ake owongoka, masana, popanda galimoto kapena mbuzi. Anthu anayamba kunong'ona kuti imfa imeneyi si yabwino. Ndipo chaka chapitacho a Chikoti ndi a Mbewe anali atakanganapo za malire a dimba. Nkhaniyo inatha, koma pamaliro palibe nkhani imene imakhala yakutha.

Abusa anali ku msonkhano, ndiye mwambo wonse unagwera a Mbewe. Tsiku loika, anadzuka msana utauma gwa chifukwa chokhalitsa pakabenchi kusiwa dzulo lake. Sankatha ngakhale kuvala nsapato.

“Tsogolani, Selina,” anatero. “Ndidziwongole kaye. Sindingalalikire nditapindika ngati chikwakwa.”

Mzimayi sapita pamaliro chimanjamanja. Ndinali nditakonza kale ufa m'beseni ndi nkhuni, koma chomangira ndinasowa. Iwo ali kubafa, ndinalowa mushedi kukafuna luzi. Ndinaona chingwe cha khonje chitamangidwa kumapazi kwa thebulo lija, mbali ina chitamangidwa kumwendo wa jeke, chili lende pansi. Ndinati ndi chotsalira cha belo ankayesera lija. Ndinachimasula, ndinamanga nkhuni zanga, ndinasenza, ulendo.

Pamaliro ndinatula nkhuni, chingwe n'kuchikulunga padzanja kuti ndisachiiwale. Ndinakhala ndi amayi anzanga a Chigwirizano, tikuimba. Dzuwa linakwera. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Bokosi analitulutsa panja, achibale anaona nkhope, mfumu inalankhula, mwini mbumba analankhula. Kenako wotsogolera mwambo anati, “Tsopano tipereke nthawi kwa a mpingo.” Zii. Anthu anayamba kucheuka. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona, dala kuti ndimve, “Ena maliro awa akuwaopa, eti?”

Ndinakwiya, ndipo chifukwa cha mkwiyo ndinayamba kufinya chingwe chija m'manja. Apo m'pamene ndinaona kuti chinali ndi mfundo zitatu zomangidwa mwadala, motalikirana mofanana, iliyonse yopakidwa penti yofiira ya pamabelo. A Mbewe sapaka penti chinthu chotaya. Ndinakumbukira tsiku ndinasuzumira lija: chingwe chimenechi chinali chitakungika nga, kuchokera kumapazi mpaka kujeke. Ndi chimene chinkagwira thebulo kuti lisatembenuke lonse.

Mayo ine! Kuchokera pamene ndinachoka pakhomo panali patadutsa maola awiri.

Ndinadzuka pakati pa amayi anzanga n'kuyamba kuthamanga, ine mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, nditavala yunifolomu ya Chigwirizano, anthu onse akundiona. Kwathu ndi kwa a Chikoti n'kongodutsa munda umodzi wa chimanga, koma tsikulo mundawo sunkatha. Ndinkapemphera mokweza, mawu ake osamveka. Nsapato imodzi inatsala m'mizere.

Chitseko cha shedi chinali chokhoma m'kati.

“Bambo a Cynthia! Bambo a Cynthia!”

Palibe yankho. Ndinamva kaphokoso kokha, ngati munthu akukoka mpweya kudzera m'bango. Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga munsi, ndinamenya chitseko katatu, msomali uja n'kuthothoka.

Zimene ndinaona ndimazilotabe. Thebulo linali litatembenuka lonse mpaka kupitirira, mbali ya kumapazi itakakamira kumtanda wa denga. Amuna anga anali lende ngati mbuzi yosenda, atavala buluku la suti ndi vesiti, mutu utatsala pang'ono kugunda simenti. Nkhope inali itatupa, yakuda bii, milomo ngati si yawo. Maso anali ofiira ngati magazi enieni, ndipo m'mphuno munkadontha magazi n'kumatsikira pamphumi. Zikhadabo zinali zitathyoka ndi kukanda simenti.

Ndinagwada n'kulowetsa mapewa anga pansi pa mapewa awo kuti ndiwadzutseko mutu. Ndinayesa kukankha thebulo, koma ngakhale kugwedezeka. Kumapazi sindikanafikako, ndine wamfupi. Ndipo ndikanati ndikwere pena pake ndimasule bawuti, akanagwa chamutu pasimenti, khosi n'kuthyoka.

“Selina,” anatero, mawu ngati a mwana. “Tsekani chitseko.”

“Ndikukaitana anthu.”

“Ayi. Musaitane. Chonde. Andiona chonchi... tsiku la maliro a mwana wa Chikoti... Yesaninso nokha.”

Ndinayesanso, Mulungu ndi mboni. Ndinakankha mpaka ndinamva ngati chiuno changa chathyoka. Kenako ndinaona kuti asiya kuphethira, ndipo dzanja limene linagwira chitenje changa linagwa. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chichitike ndikakuwa. Ndinkadziwanso chimene chichitike ndikapanda kukuwa. Ndinatsegula kukamwa n'kukuwa mfuu imene sindinakuwepo chibadwire.

“Ndithandizeni! Anthuni, ndithandizeni! Akufa kuno!”

Anabwera. Maliro onse anabwera, kusiya bokosi pabwalo ndi amayi ake a malemu okha. Ndinamva mapazi m'chimanga ngati ng'ombe zothawa. Anafika pakhomo pa shedi, n'kuima. Palibe amene analowa. Ndinkawaona nkhope zawo ndili chogwada pansi, atadzaza pakhomo ndi pawindo, ena atanyamula makasu a kumanda. Mzimayi wina anakuwa n'kuphimba maso a mwana wake.

“Wakodwa!” anatero wina kumbuyo. “Mfiti yakodwa masanasana!”

“Si zimenezo!” ndinalira. “Ndi za msana! Ndi thebulo la msana! Tagwirani kumapaziko, ndakupemphani!”

A Chikoti anadutsa pakati pa anthu n'kuima pakhomo. Munthu uja anali asanadye masiku awiri, maso atalowa m'kati. Anayang'ana a Mbewe nthawi yaitali.

“Wina asamukhudze,” anatero. “Wokodwa samasulidwa asanaulule. Frazer, mwana wanga wamuchita chiyani? Nena, tikutsitse.”

“Sangathe kulankhula, achimwene! Simukuona kuti akufa?”

“Aulule kaye.”

Ndaonapo zoopsa pamoyo wanga. Ndinaberekerapo mwana pangolo, ndinaonapo njala ya 2002. Koma sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo, nditasenza mutu wa amuna anga, ndikumva mpweya wawo ukutalikirana, anthu amene ndadya nawo zaka zonsezi atangoima n'kumadikira. Ena mwa iwo a Mbewe anawaphunzitsa kalasi ya ubatizo. Mwala woyamba unagwa pamalata. Ndinaganiza zoti ndiulule ineyo m'malo mwawo, ndiname kuti inde ndi ife, bola awatsitse. Mawuwo anali atafika kale pakhosi.

“Pepani, tapatukani. Tapatukani, akuluakulu.”

Anali Nowa, matope a kumanda ali m'miyendo, chifukwa anali nawo m'gulu lokumba. Munthu wobwera, wopanda m'bale m'mudzi muno, woti akanangokhala chete palibe akanamufunsa. Wina anamugwira malaya, iye anangovula malayawo n'kumusiyira m'manja.

“Thebulo ili tinapanga awiri ndi abwanawa,” anatero, osakweza mawu. “Ngati ndi ufiti, ndiye inenso mundigende. Rozaria, tabwera uthandize amayi kugwira mutu.”

Rozaria anali ndi mantha, koma analowa. Nowa anakwera pabokosi la jeke, anamenya thebulo ndi phewa kulichotsa kumtanda kuja, kenako analendewera kumapazi ndi thupi lake lonse. “Pang'onopang'ono, amayi, ngati tikutsitsa belo,” ankatero. “Musawadzutse msanga.” Thebulo linabwerera mpaka linagona. Anamasula bawuti. Akakolo anali atachekeka, mapazi ozizira ngati a mtembo. A Mbewe sanatsegule maso, koma ankapuma.

Galimoto imene inalipo inali imodzi yokha, kalole kamene kanabweretsa bokosi kuchokera mutauni. Dalaivala wake sankadziwa za malire a dimba la munthu, anangoti, “Akwezeni.” Tinawagoneka pamalo pomwe panagona bokosi la Bright, maluwa ofota akadali pomwepo. Njira yonse ya ku Namitete ndinaika khutu pachifuwa pawo. Pa bampu iliyonse ndinkati basi, apita.

Anatsitsimuka madzulo. Adokotala anati magazi anakwera koopsa, ndipo tikanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Anakhala m'chipatala milungu iwiri. Diso lamanzere silinabwererenso, mpaka lero limangoona chifunga. Msana uli pomwe unali, ndipo tsopano amachita timasewera togona pamphasa timene anawaphunzitsa kuchipatala, ine nditakhala pompo ndi maso.

Cynthia anabwera ndi foni yake n'kuonetsa kakanema kaja kwa abusa, kwa akulu a mpingo ndi kwa mfumu. Onse anagwedeza mitu, anati nkhani yamveka, a Mbewe alibe mlandu. Koma kakanema sikachapa munthu. Ana a sukulu anasiya kudutsa njira ya pakhomo pathu. A Chikoti sanatipatsenso moni. Nowa ndi Rozaria anthu anasiya kuwagulitsa ngakhale tomato, ndipo fodya atatha anabwerera kwawo ku Mulanje. Tsiku lonyamuka a Mbewe anamuperekeza Nowa mpaka pa Nsaru wapansi, ndi ndodo, ndipo pobwera anadzitsekera kuchipinda. Ukulu wa mpingo anautula okha. Amakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Za chingwe sindinauze munthu. Ndinachibisa pansi pa sutikesi, ndipo chaka chathunthu ndinkadya nacho, kugona nacho. Ndikawaona akupapasa kapu kumbali ya diso lakufalo, mtima unkandilasa. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzafunsa kuti chinapita kuti, ndipo ndinkaopanso kuti sakufunsa chifukwa akuganizira Nowa. Ndinaonda, anthu n'kumati nanenso andilodza.

Tsiku lina masana tikusola chimanga pakhonde, ndinalephera kupirira. Ndinalowa m'nyumba, ndinachitenga, ndinachiika pamiyendo pawo.

“Ndinamasula ndine,” ndinatero. “Ndinamangira nkhuni. Diso lanulo, dzina lanu, Nowa, zonsezi ndine.”

Anachigwiragwira, akupapasa mfundo zija imodziimodzi.

“Ndikudziwa,” anatero. “Ndinachiona pamtolo panu mukutuluka pageti.”



“Munachiona? Osandiitana bwanji?”

“Munali mutasenza kale. Ndinati ndikuvutitseni kutula chifukwa cha kachingwe? Ndinati ndidzigwira ndekha ndi manja.”

Abale anga, ndinawatukwana. Ine mayi wa Chigwirizano, ndinawatukwana amuna anga masana dzuwa likuswa mtengo, mawu amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimawadziwa. Ndinawagenda ndi zitsononkho. Chaka chathunthu ndikudziyesa wakupha, pamene munthu anangolephera kunena kuti “Selina, tabwerera”! Iwo anangokhala, osazinda, zitsononkho zikugwera pamutu. Nditatopa ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

Patapita nthawi anati, “Komabe tsiku lija mukanapanda kukuwa. Bwenzi nditapita ndi dzina langa.”

“Dzinalo bwenzi likusola chimanga pano?” ndinawafunsa. “Ndinakuwa, ndipo mukadzayambiranso ndidzakuwa kuposa pamenepo, amve mpaka ku Kabudula.”

Thebulo lija ndinaliwaza ndi nkhwangwa tsiku lomwelo, ndipo chitseko cha shedi ndinachizula, chili kuseri kwa nkhokwe. Pakhomo pano palibenso chitseko chokhoma m'kati, ngakhale cha kubafa. Koma mantha sanandichoke. Akangoti zii kwa kanthawi, kaya ali kudimba, kaya ali kuchipinda, ndimasiya chilichonse chimene ndagwira n'kuitana, “Bambo a Cynthia!” Ndimaima osapuma mpaka ndimve.

Poyamba ankanyinyirika kuti ndikuwayesa mwana. Masiku ano amayankha msanga. Dzulo ndisanaitane n'komwe, ndinamva mawu kuchokera kuseri kwa nyumba, otsika, amanyazi, ngati munthu amene akuphunzira chilankhulo chachilendo.

“Selina, tabwerani mundigwire dzanja. Ndalephera kudzuka.”

Ndinasiya madzi akutayika pampopi n'kuthamanga.